Mapale a Rebeh

Marseille, 9 Okutobala 2016

Amayi anga okondedwa,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kutsikira kukhwawa? Nanga achimwene a Mouldi ndi mdzukulu wanu Chaima? Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo yayamba kale. Kalatayi ndapatsira a Tijani, aja amanyamula katundu pa sitima ya pamadzi, poti foni yanu imakhalira m'chitini cha shuga.

Amayi, ndili ndi pempho, ndipo musandikalipire musanamve lonse. Chimwalirireni achemwali a Rebeh, chaka ndi theka tsopano, sindinaumbe kanthu kooneka. Ndikagwira dongo ndimangoona pikapu ija itagona chagada m'ngalande, ndi azimayi khumi ndi mmodzi, achemwali ali m'gulumo, amene anapita kukathyola nsawawa m'munda wa eni ake osabwerako. Akuluakulu a mataye anabwera, analankhula, napita, ndipo mpaka lero mapikapu akunyamulabe azimayi ngati nkhosa.

Ndiye ndaganiza zowaumba onse khumi ndi mmodzi, aliyense wofika m'chiuno, ataimirira kumbuyo kwa pikapu yeniyeni. Pansi ndidzathirapo madzi, monga amachitira madalaivala aja kuti munthu asakhale pansi, akwere ambiri. Pali nyumba ya zionetsero kuno imene yavomera. Ndikufuna anthu aone, achite manyazi.

Koma dongo la kuno ndi la m'sitolo, losalala ngati sopo. Nditumizireni la kukhwawa kwathu. Ndipo ngati zatsala mbiya zimene anaumba achemwali, ndipatseni mapale ake ndisinje, ndisakanize m'dongomo monga mumachitira inu kuti lisang'ambike pamoto. Ndikufuna iwo akhalemo.

Mwana wanu,
Dalanda


Sejnane, 3 Novembala 2016

Dalanda mwana wanga,

Akulemba ndi Chaima, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakometse. Tili bwino, Mulungu ayamikike. Bondo ndi la nkhalamba, usalifunse. Mouldi akupereka moni, akuti ukadzatchuka usadzaiwale amene ankakupukuta mamina.

Kalata yako ndinaimvetsera kawiri. Koyamba ndinati mwanayu sukulu yamuzunguza mutu, zidole zolira adzagula ndani? Ife timaumba zidole zoti mlendo aimitse galimoto pamsewu, aseke, agule. Kachiwiri ndinavomera. Ngati alipo woti achite manyazi, achite.

Dongo ndakumba ndekha, matumba awiri, paja pamunsi pa mkuyu. Za Rebeh zinatsala zitatu zokha, zina zonse zinapita ndi alendo: chiwaya cha dongo chophikira buledi, mbaula, ndi mtsuko uja wa khosi lopindika umene ankakana kugulitsa, ati ukufanana ndi apongozi ake. Ndaziswa ndekha ndi mwala. Chaima anathawira kuseri kwa khola kuti asamve, ndi za amake paja. Mapale ndakutumizira onse, osasinja. Zotsalazo ukudziwa wekha, ndiwe mwana wa nyumba ino.

Tsopano yokoma. Chaima wapeza banja, Lotfi mwana wa a Jilani a kutsidya kwa njanji. Ukwati mu Julayi, Idi ikapita. Mnyamatayo ndi wofatsa, koma kwawoko kulibe woumba, azimayi onse amakwera pikapu. Ndawauza poyera kuti wangayu akubwera ndi manja ake, adzakhala pamsewu ndi mbiya zake. Ku pikapu ndinapereka mmodzi, basi yakwana.

Akuti pepala latha, ndisiye.

Amayi ako,
Mbarka


Marseille, 20 Febuluwale 2017

Amayi,

Pepani kuti ndakhala chete miyezi itatu, manja anali m'dongo. Muli bwanji nonse? Uzani Chaima kuti nkhani yake inandivinitsa ndekha m'chipinda. Kuukwati ndibwera, ndipo nsalu yake ndaiona kale m'sitolo ina.

Nditamasula thumba lija fungo la kukhwawa linadzaza nyumba, ndinalira ngati mwana. Mapale ndinasinja ndekha masiku anayi, onse, mpaka kachidutswa komaliza, ngakhale fumbi ndinasesa ndi kulibwezeramo. Ndinasakaniza m'dongo lonse, choncho achemwali ali mwa azimayi onse khumi ndi mmodzi. Ndipo amayi, palibe ngakhale mmodzi wang'ambika mu uvuni!

Mukanawaona! Ndawakulungiza ndi chigoba cha nkhono monga munkachitira, mipango yakumutu ndalemba maluwa ndi katondo. Athinana, mapewa kugundana. Achemwali aima kutsogolo, dzanja lamanja atagwira chitsulo cha pikapu. Akadali m'nyumba mwanga muno, ndimawapatsa moni m'mawa. Chionetsero chitsegulidwa pa 18 Malichi. Kwa nthawi yoyamba ndikumva kuti sindinapite kusukulu pachabe.

Dalanda


Sejnane, 6 Malichi 2017

Iwe Dalanda,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi lamulo la Mulungu. Onse? Wasinja onse? Kodi unayamwa bere langa kapena la mbuzi?

Tchera khutu, poti zikuoneka kuti sunamvepo. M'nyumba muno mwana wamkazi akamapita kubanja amaumba mbiya zake zisanu ndi ziwiri, ndipo m'dongo lake mumalowa phale la mbiya ya amake. Mu zanga muli amayi anga, mu za amayi anga munali agogo. N'chifukwa chake sitisinja onse, timasiyako limodzi. Ndipo wopereka phalelo m'manja mwa mwana ndi amake. Amake akapanda kukhalapo, amapereka ndi mng'ono wawo, osati gogo. Ndiwe. Ndinakutumizira onse kuti utenge ofuna iwe, usankhe lokoma limodzi, udzabwere nalo, udzamupatse Chaima. Rebeh ankadziwa zimenezi mano asanaguluke. Iwe unkakhala pamphasa yomweyo, buku pamphuno.

Ndinkati ndikakuuza ndakunyoza. Kulakwa ndi kwanga, ndinaiwala kuti ophunzira amafuna kuuzidwa chilichonse.

Madzi akatayika saoleka. Koma wanena wekha kuti zidolezo zikadali m'nyumba mwako. Tenga nyundo ubenthule pang'ono. Mpendero wa chovala, chala, chilichonse chokwana m'dzanja. Rebeh ali monsemo, si iwe wanena? A Tijani abwerera kuno pa 14. Usandiyankhe ndi mawu, ndiyankhe ndi phale.

Mbarka

Amayi aang'ono, pano ndikulemba ine Chaima, agogo sakudziwa. Nsalu musavutike nayo. Tsiku limene agogo ankaswa mtsuko uja ndinadzilimbitsa mtima kuti kachidutswa kena kabwerera kwa ine. Ngakhale kofanana ndi chikhadabo, chonde.


Marseille, 2 Epulo 2017

Amayi,

Kalata yanu inandipeza kwatsala sabata kuti chionetsero chitsegulidwe. Ndinaiwerenga nditaimirira, kenako ndinakhala pansi. Sindinadziwe, amayi. Kapena ndinadziwapo kale n'kuiwala, zimene zili zoipa koposa.

Nyundo ndinatenga, sindikunama. Ndinaima pamaso pa achemwali nthawi yaitali. Koma tsiku lomwelo kunkabwera wojambula zithunzi za m'buku la chionetsero, mawa lake onyamula. Ndikanabenthula, aliyense akanaona chilema osaona azimayi. Ndinadziuza kuti ukwati ndi Julayi, chionetsero chitha pa 20 Meyi, nthawi ilipo. Akangobwerera m'nyumba muno ndibenthula, ndikulonjeza.

Ndipo amayi, anthu akubwera! Amaima n'kumayang'anitsitsa. Mayi wina wa kwathu konko, wa ku Jendouba, amene amasesa m'maofesi kuno, ataona madzi pansi paja anagwira pakamwa, nati, "Eee, mpaka madzi awa mwawakumbukira?" Analira mpaka mlonda anamubweretsera mpando. Nyuzipepala ziwiri zalemba, imodzi ya ku Tunis. Ndaika zodula zake m'kalatamu, Chaima akuwerengereni. Mwina pikapu ina idzaimitsidwa chifukwa cha achemwali. Si chinthu chaching'ono chimenecho.

Pakadali pano ndatumiza thumba la ufa wa mapale wa m'sitolo, wosefedwa bwino, umene amagwiritsa ntchito oumba onse kuno. Chaima ayambe kuyeserera ndi umenewu. Kunena za moto wokha, phale ndi phale, dongo silidziwa mwini wake.

Chaima, usadandaule. Kako kabwera.

Dalanda


Sejnane, 29 Meyi 2017

Amayi aang'ono,

Mwaswera bwanji? Ramadani yabwino. Agogo akana kulankhula m'kalatayi, ndiye ndikulemba ndekha. Za m'nyuzipepala ndinawawerengera. Anafunsa ngati alembamo dzina la amayi. Ndinati ayi, alemba lanu. Anati chabwino.

Pa 20 padutsa. A Tijani afika dzana, ndinawachingamira kusiteji, ananyamula firiji ya anthu ena ndi njinga. Dongo langa ndakumba kale, ndaliponda, lili pansi pa chiguduli chonyowa. Mbiya zimafuna masabata atatu kuti ziume tisanaotche. Apongozi akufunsa kuti mbiya za mkwatibwi woumba uja zili kuti, ndipo amafunsa akuseka.

Ndikudikira.

Chaima


Marseille, 21 Juni 2017

Amayi ndi Chaima,

Kalatayi ndayamba kanayi. Ndingonena.

Azimayi aja sanabwerere m'nyumba muno. Nyumba yaikulu yosungira zaluso ya mumzinda wina inapempha kuti iwatenge, akhale kumeneko mpaka kalekale. Anati ndiyankhe msanga. Ndinaganiza kuti mwa ine adzangokhala m'mabokosi, pomwe kumeneko ana asukulu adzawaona zaka ndi zaka. Ndinasaina. Ndinkati ndibenthula asanawanyamule, koma anawatengera kuchionetsero komweko, ine kulibe. Nditapempha kachidutswa, mayi woyang'anira anandiyang'ana ngati ndapempha khutu la mwana wake. Akuti tsopano ngakhale ine sindiloledwa kuwakhudza popanda magolovesi.

Ndikuyesabe, ndalemba makalata awiri. Ndatumiza bokosi la mbale zoyera za mkombero wagolide, khumi ndi ziwiri, kuti Chaima asapite chimanjamanja. Ndikudziwa kuti si zimene munapempha.

Mundikhululukire.

Dalanda


Sejnane, 12 Okutobala 2017

Mlongo,

Ndine Mouldi. Kulemba si ntchito yanga, koma wolemba m'nyumba muno anapita kubanja, ndipo amayi ati iwo alibe mawu. Foni zako ndimaziona, sindiyankha chifukwa ndikhoza kulankhula zoti mawa ndichite nazo manyazi.

Kuukwati sunabwere. Unati ntchito. Tonse tikudziwa kuti si ntchito, koma zisiye. Mbale zako zinafika, zinakoma, alendo anadyeramo kusukusu n'kumazitembenuza kuti aone kunsi.

Ufuna kudziwa za mbiya? Chaima anadikira mpaka Idi. Kenako anati, "Agogo, tiyeni tithire ufa uja wa m'sitolo, amayi aang'ono ndi ophunzira, ati phale ndi phale." Amayi anangoti, "Manja ndi ako." Anaumba zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikuuze, mwanayo ali ndi manja a Rebeh. Tsiku lootcha kunabwera azimayi a kuno ndi a kuchimuna, monga mwa mwambo. Anazinga ndowe zouma ndi nthambi, nayatsa. Moto utangokolera tinamva phu! Kenako phu! Pofukula, zisanu zinali zong'ambika, chiwaya cha buledi chitagawika pakati.

Amayi anati ndi mphepo, inatembenuka mwadzidzidzi. Mwina ndi zoona, ine za moto sindidziwa. Koma mayi wina wa kuchimuna ananena mokweza kuti, "Nanga zikanalimba bwanji, amake mulibemo?" Apongozi ake anati, "Palibe kanthu mwana wanga, kwathu sitidya dongo, m'pikapu malo alipo." Chaima sanalire. Anatola mapale onse m'chovala, nakawataya kukhwawa, nasamba m'manja.

Kuyambira Ogasiti akukwera pikapu, akuthyola tsabola ku minda ya kuchigwa. Imadutsa pamsewu wathu dzuwa likamatuluka. Amayi amatsika ndi bondo lawo lija kukaima pamene ankayala mbiya, kuti aione ikudutsa, ndipo madzulo amakaimanso mpaka ibwerere. Mvula, mphepo, ali pomwepo. Akutsokomola moipa. Ndikawaletsa amati, "Uja sindinamuperekeze, uyu ndimuperekeza."

Mayi Zina a pafupi apa akuti anakuona pa kanema ukulankhula Chifalansa za azimayi a m'mapikapu. Akuti unalankhula bwino kwambiri.

Mouldi


Marseille, 19 Novembala 2017

Amayi anga,

Sindikufunsani za moyo, achimwene andiuza. Kalata yawo ndinaiwerenga kamodzi, mawa lake ndinakwera sitima kupita kumene kuli azimayi aja.

Awaika m'chipinda chachikulu choyera. Pali bambo amene ntchito yake ndi kusintha madzi a pansi paja m'mawa uliwonse kuti asachite ndere. Ndinauza woyang'anira kuti ndaona mng'alu pa dzanja la chifanizo chakutsogolo, ndikufuna ndiuone pafupi. Anandipatsa magolovesi oyera. Ndinakwera m'pikapumo, ndinaponda m'madzi, ndinagwira dzanja la achemwali, ndipo ndinalithyola. Linangoti thyo! ngati buledi wouma. Ndinaliika m'thumba ndi kutuluka, iwo akukuwa kumbuyo.

Andiitanitsa, akuti pali mlandu, ndipo mwina palibenso nyumba kuno imene idzalandire ntchito yanga. Zimenezo sizikundisowetsa tulo. Chikundipweteka n'chakuti zinanditengera mphindi imodzi. Mphindi yomweyo ndinali nayo mu Malichi, nyundo ili m'manja, popanda mlonda, popanda wondiletsa. Ndinkati ndikulankhulira azimayi a m'mapikapu dziko lonse limve, pamene mwana wa achemwali ankandipempha kanthu kofanana ndi chikhadabo.

Dzanjalo ndalikulunga m'mpango, ndapatsira a Tijani. Ndikudziwa kuti ndiyenera kulipereka ndekha m'manja mwa Chaima, koma ndikuopa maso ake. Mumupatse inu. Dongo likadalipo kukhwawa, mwina angayambenso. Ndibwera mu Januwale, mudzandikalipire pamaso.

Mwana wanu wopusa,
Dalanda


Sejnane, 23 Disembala 2017

Amayi aang'ono,

Mtendere ukhale nanu. Za maliro a agogo amalume anakuuzani pa foni, sindibwereza. Munati mudzabwera pa tsiku la makumi anayi. Bwerani, koma ine mudzandiona madzulo okha, ino ndi nyengo yothyola azitona. Zimene ndikulembazi pakamwa sindingathe kuzinena.

A Tijani anachedwa, ankadikira kuti galimoto yawo idzaze. Phukusi lanu lafika patatha masiku asanu ndi anayi tiikire. Kalata yanu agogo sanaimve. Ndinakaiwerengera kumanda, kaya zimathandiza.

Dzanja ndalandira. Ndi lokongola, zala zoongoka. La amayi silinali choncho. Chala chawo chapakati chinali chopindika, chinaphwanyidwa ndi mwala wosinjira mapale ine ndili wakhanda, ndipo akandigwira patsaya chinkandikanda. Kaya munaiwala, kaya simunafune kuti alendo aone. Komabe ndikalipenda padzuwa ndimaona timadontho tofiira pamene linathyokera, ndiye ndimadziwa kuti ndi mtsuko uja.

Mukuti ndiyambenso. Liti, amayi aang'ono? Pikapu imafika kusanayere, timabwerera manja atatupa. Dalaivala wathu amathirabe madzi pansi. Tsiku lina ndinamuuza kuti amayi anga ali ku Faransa, aimirira m'madzi ngati omwewa, anthu amachita kulipira kuti awaone. Anaseka, nati, "Ndiye sunthira kutsogolo, mwana wa wotchuka, ena akwere."

Sindikusungirani chakukhosi, ndatopa kwambiri moti sindingathe. Dzanjalo ndaliika m'chitini chija cha shuga. Ndili ndi pakati. Akadzakhala wamkazi, ndi lake, ndipo ndidzamuuza ndi pakamwa, sindidzadikira kuti adziwe yekha.

Chatsala chimodzi. Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, agogo anandituma kuti ndiwatengere chiwaya chawo cha buledi, chija chakuda chimene anaumba pokwatiwa. Anachiika pamwendo, nati ndiwapatse mwala. Mphamvu analibe, anamenya katatu chisanasweke. Anasankha phale lalikulu, lokhala ndi chidindo cha chala chawo m'mphepete, nati, "Ili ndi la Dalanda. Sanakwatiwe, koma amaumba." Ine ndinapsa mtima, ndinati, "Agogo, munthu amene anatimana chikhadabo?" Anati, "Khala chete iwe. Amake ndine, ndipo ndikadali moyo. Wanga sapita chimanjamanja."

Ndalikulunga mu mpango wanu womwe uja. Anati ndilembe mawu awo monga ananenera, osakometsa, poti inu mumafuna kuuzidwa: "Dalanda mwana wanga, muli ine, muli amayi anga, muli agogo. Umba chimene ukufuna. Koma usasinje lonse."

Chaima